Diresi la Zigamba

Tsiku loyamba anabwera ndi chikopa cha mbuzi m'jumbo,
nati: "Achimwene, ndidulireni ichi chilekeze m'maondo,
akuti ndikakhale munthu wakalekale."
Ine Jafali wa ku Ulongwe, telala wapakhonde
kuseri kwa msika wa Yeoville,
ndinathyola singano ziwiri pachikopacho.

Dzina lake Sanna Boois, mwana wa Anama,
wa kuchipululu, kutali kumadzulo,
kumene, mwa kunena kwake, mbuzi zimanyambita miyala.
Anandipatsa tikiti yaulere.
Ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko,
maso pamsoko wanga.
Analowa, anagwada, analoza mwezi wapepala, anatuluka.
Maola awiri athunthu, liwu lake ngakhale limodzi ayi.

Chaka chachiwiri, chikopa chomwecho.
Chachitatu anamukweza: wantchito wam'nyumba,
epuloni yoyera, mawu atatu,
onse atatu ovomera bwana.

Masana ankaperekera khofi ku Braamfontein,
kuseri kwa malisiti akulemba timawu
ndi pensulo yotafunidwa kumutu.
Malisitiwo ankawaiwala m'matumba a zovala.
Ndisanasite ndinkawatola
n'kuwaponya m'chitini cha mabatani,
osadziwa kuti ndikusunga chiyani.

Usiku wina magetsi atathima dera lonse
anakhala pabenchi ya makasitomala
nayimbira azakhali ake kumudzi.
Ndinamva lilime likugogoda m'kamwa,
likuthetheka ngati chitsononkho pamoto,
iye akubwereza, akuphonya, azakhali akufa nacho chiseko,
mpaka mayunitsi anatha.
Anati: "Amayi anachibisa kuti tisamasekedwe kusukulu.
Mawu amene ndatsala nawo sadzaza dzanja."
Sindinayankhe.
Mwana wanga wobadwira kuno
ndikati wadzuka bwanji amandibwezera Chizulu,
ndipo ine ndemwe ndikakwera takisi
ndimameza Chichewa ngati piritsi
kuopa angandifunse kwathu.

M'mawa mwake ndinamupatsa chitini chija.
Anayala malisiti pansi, mapazi ake pakati,
akusuntha ili, akubweza ilo,
mabatani akugubuduka kulowa m'ngalande.

Sewero linatenga miyezi khumi ndi inayi.
Eni maholo ankati: labwino, koma adzalimva ndani?
Wina anati: bwanji uvale chikopa, alendo amakonda.
Anakonzekera m'galaja ya ku Troyeville
pakati pa matayala akutha ndi fungo la oyilo,
anzake awiri, nyali yobwereka.

Kenako anabwera wopanda jumbo.
Anagwada pansi pa makina anga
natola tinsalu totsala:
kachidutswa ka yunifolomu ya mlonda,
mpendero wa diresi laukwati umene unalephereka,
chitenje chimene mayi wa ku Mzimba sanabwere kudzatenga.
"Kwathu amayi amavala zigamba zolumikiza,
ndiye ulemu wake.
Ndisokereni lofika kuakakolo."
Ndinasoka masiku asanu ndi limodzi.
Singano sinathyoke.

Ku Newtown, kachipinda kapansi, mipando makumi anayi,
anthu makumi awiri ndi atatu, ndinawerenga ndekha.
Anayankhula ola lonse.
Zambiri sindinamve,
koma pamene anaitana dzina lina katatu, osayankhidwa,
mumzere wachitatu bambo wina wa ovolosi yabuluu
anayankha m'chilankhulo chomwecho, mokweza,
kenako anagwira pakamwa ngati waswa mbale.
Sanna anaima.
Diresi lonse linanjenjemera kuyambira m'mapewa.
Anamuyang'ana bamboyo, napitiriza.

Lero ndimaona nkhope yake pazipupa, atamata ndi guluu,
mvula ya Disembala ikuichotsa pang'onopang'ono.
Akulemba lachitatu, akuti lili ndi telala mkati,
ndamuchenjeza kuti asandipatse chibwibwi.
Adakali nayo ngongole yanga ya marandi makumi asanu ndi atatu
ya zipi ndi ulusi.
Sindimukumbutsa.

Chikopa chija anachisiya konkuno.
Ndinachipinda pawiri, ndimakhalira posoka;
m'nyengo yozizira ya Joni
chimagwira ntchito yake bwino, chili chete.