Chikope cha Wokonza Mawotchi

Ku Tbilisi, m'kanjira kotsetserekera kumtsinje wa Mtkvari,
ndakonza mawotchi zaka makumi atatu ndi zinayi.
A eni ake.
Yam'thupi mwangamu sindinaitsegulepo.

Chinayamba ndi chikope chakumanzere.
M'mawa chili bwinobwino,
pofika folo koloko chayamba kutsika
ngati chitseko cha sitolo
imene mwini wake watopa ndi makasitomala.
Kenako kachitsulo kamodzi patebulo kanasanduka tiwiri,
ine n'kumatola kabodzako.

Tsiala, mkazi wanga, anati ndi vinyo.
Mlamu wanga Gocha anati ndi ukalamba, zimatero.
Koma pa ukwati wa mdzukulu wake
nditakweza tambula kuti ndidalitse akwati,
mawu anatulukira m'mphuno,
nsagwada zinagwa ulesi nyama ili m'kamwa,
ndipo palibe anaseka.

Dokotala Rusudan ndi wamng'ono kwa mwana wanga wotsiriza.
Anati, yang'anani kudenga, musaphethire.
Ndinayang'ana. Denga linayamba kuchepa.
Anatuluka, nabwera ndi ayezi m'gulovesi,
nandiika pachikope, kuzizira kobaya mpaka m'mano.
Mphindi ziwiri, anatero, maso ali pa wotchi yapakhoma.
Sindinamuuze kuti wotchiyo ikutsalira.
Atachotsa, diso linatseguka lonse, mbee,
ndipo Tsiala anagwira pakamwa.

Tsiku lina anandimata mawaya padzanja,
magetsi akundigogoda pamtsempha:
go, go, go, go, go.
Pa galasi la makina panaimirira timapiri,
koyamba katali, kachiwiri kocheperapo,
enawo akutsika ngati masitepe a kunyumba kwathu.
Magazi nawo anapita kukayezedwa,
anabwerako patatha masiku khumi ndi dzina:
mayasifiniya.

Anandifotokozera pang'onopang'ono.
Mtsempha ukuitana, mnofu uli pakhomo,
koma asilikali a thupi langa lomwe
atseka makutu ambiri amene mnofu umamvera.
Oyamba kuitana amayankhidwa,
obwera mochedwa amapeza kuli zii.

Ndinati, ndamva, mwanangu.
Sipuling'i ndi yabwino, magiya ndi abwino,
adyeka ndi mano pamene ziwirizi zimakumana.
Anaseka, nati, koma manowa amatha kumeranso.
Zimenezo m'ntchito yanga kulibe.

Anajambula m'chifuwa, kuseri kwa fupa,
kufuna kachiwalo kamene sindinkadziwa kuti ndili nako.
Sanapeze chotupa.
Anandipatsa mapilitsi oyera, ndi ena otonthoza asilikali aja,
ndi chenjezo limene ananena kawiri,
kachiwiriko akuyang'ana Tsiala:
mpweya ukayamba kulemera,
kapena madzi akakana kutsika pakhosi,
musadikire kuti kuche.

Tsopano ndimadzipukusa ngati wotchi yakale,
pilitsi limodzi maola anayi alionse.
Pakatha theka la ola zala zimadzuka.
M'mimba mumapotokola, malovu amachuluka,
ndi mtengo wake umenewo, ndimalipira.
Ntchito yosalala ndimagwira m'mawa.
Masana ndimasintha malamba ndi mabatire,
zimene kale ndinkasiyira anyamata.
Kukatentha mu Ogasiti ndimatseka msanga,
ndipo pali masiku ena amene makwerero amandiposa,
ndimakhala pa sitepe yachisanu ndi chiwiri
kumvetsera mwana wa aneba akulimbana ndi piyano.

Gocha akuti ankadziwa kale kuti si ukalamba.
Tsiala sanabwezebe botolo pamalo pake.

Lachinayi lapitali ndinapita kukaonedwanso,
kasikuludiraiva kali m'thumba la jekete.
Rusudan akundikankha mikono, akuwerenga,
ndinati, mukamaliza munditsitsireko wotchi ija.
Inali fumbi chabe, ndi mafuta ouma.
Ndinaigwira ndi maso onse awiri,
ndipo inali imodzi.