Mlonda wa Mawu a Eulogio

Kuno ku Valparaíso nyumba zimagwirana mapewa
kuti zisatsetserekere kudoko.
Yanga ndi yachikasu, yachitatu kuchokera pamakwerero.
M'chipinda chakumbuyo muli kompyuta
imene Eulogio anagula atapuma ntchito
yokonza zikepe zokwera phiri.

Mawu ake anatsalira mmenemo.
Mphindi makumi anayi ndi ziwiri basi:
akuwerenga mndandanda wa zogula,
akutsokomola, akukalipira galu wa eni,
kenako, "Fresia, tabwera, chikujambulatu ichi!"

Sabata yatha a Aníbal a kutsidya kwa msewu
anadina kalata yoti phukusi lawo lafika.
Phukusi kunalibe.
Zithunzi zonse za ukwati wa mwana wawo zinatsekeredwa,
munthu wopanda nkhope nkumafuna dipo.
Anaswera pakhonde, chipewa pabondo,
ngati munthu wobwera kusiwa.

Ndiye lero ndatsikira kusitolo.

Mabokosi ali ndondondo pashelefu,
lililonse ndi chishango chake:
lofiira, lobiriwira, lakuda ngati suti ya loya.
Onse akulumbira kuti sagona.
Ndanyamula limodzi. Kupepuka kwake!
Mkati muli kakhadi ka manambala, kwatha.
Kodi mlonda amalemera chonchi?

Mtsikana wogulitsa, Yasna, wa ndolo pamphuno,
akuti ili limalonda makina asanu.
Ndati ine ndili ndi amodzi, okalamba ngati ine.
Akuti ili limabisa njira zanga pa intaneti.
Ndati njira zanga ndi ziwiri zokha:
ya kubanki, ndi ya kwa mwana wanga ku Antofagasta.
Akuti lilipo laulere.
Ndati laulerelo limadya chiyani?
Waseka, koma sanayankhe msanga.

Safunsa anadya phula.
Ndatulutsa kapepala m'chikwama.
Kodi lidzalemetsa makina anga mpaka kupuma befu?
Lidzandikuwira ola lililonse
ngati wogulitsa nsomba pansi pa zenera?
Chaka chikatha, lidzapisa dzanja m'khadi langa osagogoda?
Nanga poti lidzatsegula kabati iliyonse,
kununkhiza kalata iliyonse,
mlondayo adzamulonda ndani?

Yasna wayang'ana kumene kuli abwana ake,
watsitsa mawu.
"Agogo, tengani losadzitamali, la chaka chimodzi.
Muzimitse kabatani kodzilipira kokha.
Likapempha kudzikonzanso, muzilola.
Koma mumve ichi:
mbala zambiri sizithyola chitseko.
Mwini nyumba amatsegula yekha, ndi chala chimodzi."

Ndamuuza za mphindi makumi anayi ndi ziwiri.
Wakhala chete.
Watsegula dirowa, watulutsa tifulashi tiwiri
tating'ono ngati nyemba za m'khonde.
"Mawuwo muwakopere umu.
Kamodzi kakhale kwanu, kena kwa mwana wanu.
Palibe mlonda amene sanasinzepo."

Ndakwera chikepe pobwerera.
Chimalirabe pamalo pomwe paja,
pamene Eulogio ankati mawa ndipaka girisi.

Madzulo ndalemba manambala aja, chala chimodzi chimodzi,
ndalakwitsa kawiri.
Mlonda walowa, wayamba kusecha nyumba.
Kamzere kobiriwira kakukwawa.
Ketulo yawira, tiyi wazizira,
sitima yalira kudoko, kamzere kadakali pakati.
Walira mvula walira matope.

Itakwana naini wandiuza kuti wagwira awiri.
Anabisala nthawi yaitali bwanji, sananene.
Mwina analowa Eulogio ali moyo,
pamene ankasaka nyimbo zakale usiku.
Mwina ndinawatsegulira ndine.
Wawatsekera kwaokha, akufunsa ngati awafafanize.
Ndadina inde.

Kafulashi kamodzi kali m'chitini cha mabatani,
pansi pa lumo lake lometera.
Kena kali mu envelopu, mawa ku positi.

Kenako ndatsegula fayilo ija.
Shuga, anyezi, mababu awiri.
Chifuwa. Galu.
Ndadikira mpaka andiitane.