Timabwalo Titatu Takuda

Ku Keelung mvula sikata.
Imagwa padoko, pamakontena a dzimbiri,
pamaambulera a anthu othamangira sitima ya m'mawa,
ndipo lero yandiperekeza mpaka pakhomo la chipatala
ngati mbale wosaitanidwa.

Dokotala Pan watulutsa pepala loyera.
Akuti amuna tiwalemba ndi kabokosi, akazi ndi kabwalo,
amene khansa ya m'mapapo inawagwira tiwadetsa ndi inki.
Ine ndikutchula maina, iye akujambula.
Agogo aakazi, Yueh-chiao: wadetsa.
Iwo ankangoti ndi chifuwa cha nyengo yozizira.
Mayi aang'ono, Hsiu-luan: wadetsa.
Amayi anga.
Cholembera chaima kaye m'malere,
kenako chatera.

Onse atatu ndudu sanaiyikepo pakamwa.
Amayi ankatsegula mazenera onse
amalume a Chin-tu akangolowa,
n'kumawakupiza ndi nyuzipepala ngati ntchentche.
Amalumewo, zaka makumi asanu ndi limodzi
akufuka ngati chumuni cha sitima,
dzulo lomweli akwera masitepe a kukachisi
thumba la malalanje lili paphewa, osapumira.
Kabokosi kawo n'koyera mbee.
Pamaliro a amayi anakaima kuseri kwa galimoto,
ndudu ikunjenjemera m'zala,
nandifunsa: kodi inasokonekera nyumba?

Ndafunsa zomwezo.
Dokotala wavula magalasi.
Akuti m'thupi muli kalata yaitali
imene makolo amakopera ana, chilembo ndi chilembo,
theka la bambo, theka la mayi,
ndipo pena kachilembo kamodzi kamasiyana.
Kwa wina mapapo akang'ambika amadzisoka okha,
kwa wina ulusi wake suchedwa kuduka.
Utsi wa mafuta pachiwaya, wa mabasi, wa zofukiza,
tonse timaupuma, koma sutipeza chimodzimodzi.
Amalume anu angochita mwayi, musawatengere.
Komanso ichi si chigamulo ayi, watero,
ndi nthaka yopendekeka chabe:
madzi atha kutsetsereka, athanso kungolowa pansi.

Zaka makumi atatu amayi akukazinga nkhono ndi mazira
pamsika wa usiku, nkhope ili mu utsi,
ine pambali ndikuwerenga makobidi.
Makasitomala ankaseka: make mbuu, mwana mbuu!
poona mpata wa m'mano, kaimidwe, liwu lokalipa.
Ndinkanyada.
Sindinkadziwa kuti pali chuma chamasiye china
chosalembetsa kwa loya,
chimene abale sachikanganirana.

Andigoneka pakabedi kolowa m'makina.
Mawu ochokera m'khoma akuti: kokani mpweya. Gwirani.
Ndagwira.
M'kanthawi kameneko ndamva amayi akutsokomola kubafa,
mpopi atautsegula dala kuti tisamve.
Tulutsani.

Zotsatira Lachinayi.
Chakudza sichiimba ng'oma,
koma makinawa akuti amamva ndi mapazi ake omwe.
Akapeza kanthu, kangakhale ngati njere ya mpunga,
kochotseka.
Amayi anu anabwera dzuwa litapendeka,
inu mwalawira.

Panja Wan-ju akundidikira, yunifolomu ili chonyowa,
zaka zisanu ndi zinayi,
dzanja m'chiuno ngati agogo ake pachiwaya.
Wasolola pepala lija m'chikwama changa.
Nanga ine ndili pati?
Ndamulozera kabwalo kotsiriza, pansi penipeni,
kopanda kanthu m'kati.
Wati n'kosasangalatsa.
Watulutsa pensulo yake yofiira,
ndisanamugwire dzanja
wajambulamo maso awiri, pakamwa poseka,
ndi kampata pakati pa mano.

Basi yachedwa.
Mvula ija ikatiwona litsiro, kaya.
Taima pansi pa ambulera imodzi,
iye akusimba za mnzake amene wamubera rabala,
ine ndikungoti eya, eya,
khutu lili pachifuwa chake:
mpweya ukulowa,
ukutuluka,
ukulowanso.