Msana Wanga Unali Njinga Yake

Zaka khumi ndi chimodzi ndinabereka Zelipa.
Chitenje chinatha, ndinagula china, nachonso chinatha.
Mapazi ake ankandigunda kuseri kwa mawondo
tikamachoka ku Mchini kupita kuchipatala chachikulu,
anthu nkumati, Kakula aka, katsitseni kayende.
Ine nkumaseka nawo,
poti kulira pamsewu kumangoitana fumbi m'maso.

Atate ake anapita ku Katete kukagula mtedza.
Mpaka lero akadasankha.

Amene anagogoda sanabwere pagalimoto.
Anali Amai Dailesi Mvula, osaona,
atagwira phewa la kamdzukulu,
nsapato zitafiira ndi dothi la ku Navutika.
Anati, Tamva kuti muno muli mwana wobisika.
Ndinapsa mtima. Ndinati sindinabise munthu ine.
Anati, Nanga anzake akunjawa amamudziwa dzina?
Ndinangowapatsa madzi akumwa.

Bungwe lathu lilibe chikwangwani.
Timakumana Lachiwiri kuseri kwa tchalitchi,
anthu makumi awiri ndi atatu,
mvula ikagwa, asanu ndi anayi.
Aliyense amaponya makwacha asanu m'chitini cha mkaka.
Amai Dailesi amawerenga ndi zala
ndipo palibe khobidi linawazembapo.
Gelesomu, wosamva, ndiye amalemba m'kope.
Tikayamba kukangana amangotseka kopelo
nkutiyang'ana pakamwa mmodzimmodzi
mpaka manyazi atatikhazika pansi.

Timakangana ndithu.
Za nkhuku za bungwe zomwe zinatha ndi chitopa,
za uja anakongola ndalama ya feteleza nkusintha njira,
za alendo aja anatijambula titagwirana manja
natisiyira malaya aakulu ngati matumba
ndi nambala ya foni yosayankhidwa.

Chitini chinalemera patapita miyezi isanu ndi iwiri.
A Yotamu Miti, okonza njinga ku Kapata,
amene poliyo anawalanda miyendo koma osati sipanala,
anatola mafupa a njinga zitatu zakufa,
nawotcherera, napaka girisi,
mpando nkuchotsa m'basi yomwe inaiwala msewu wa Lundazi.
Anamuyeza Zelipa ndi chingwe ngati telala.
Kenaka anafunsa iyeyo, osati ine:
Ukufuna penti yotani?
Anati yachikasu.
Zaka zonsezi ali pamsana panga
sindinkadziwa kuti mwana wanga amakonda chikasu.

Tsiku loyamba anagwera m'ngalande.
Ndinathamanga, chitenje chili kale m'manja.
A Yotamu anati, Mai, imani pomwepo.
Zelipa anatukwana mawu omwe sindinamuphunzitse,
nakwawa, nagwira chitsulo, nakweranso,
matope ali pachipumi ngati wodzozedwa.

Pakhomo la kalasi panali masitepe atatu.
Tinalemba kalata. Tinalembanso ina.
Loweruka lina tinangofika ndi matumba awiri a simenti,
mchenga wa ku Lunkhwakwa m'mabeseni,
ahedi akuyang'ana pawindo,
kenaka nawonso anavula jekete.

Tsopano amapalasa yekha ndi manja,
belu likulira ngakhale panjira palibe munthu.
Amabwera mochedwa. Ali ndi anzake
omwe ine sindiwadziwa mayina.
Dzulo anandiuza kuti ndisamamudikire pamphambano.

Msana wanga sudziwa chochita.
M'mawa ndimapezeka ndawerama pakhomo
kudikira kulemera komwe sikubwera,
manja akufunafuna nsonga za chitenje.
Ndimadzuka pang'onopang'ono,
kuopa kuti aneba andiona.

Lachiwiri lino ndipita ku Magazine.
Akuti kuli mnyamata kuchipinda chakumbuyo
amene amadziwa dzuwa pa kabowo ka malata basi.
Kamdzukulu kaja kanayamba sukulu,
ndiye Amai Dailesi agwira phewa langa.
Akuti wogogoda ndikhala ine.
Funso lija ndinaliloweza kalekale,
koma ndikudziwa mmene limapwetekera,
ndipo sindidziwa ngati mai wakeyo
adzatipatsa madzi akumwa.