Kaundula wa Aphunzitsi Rahelamma

Lero tatsegula bokosi lanu lachitsulo, Amayi,
masiku makumi anayi a maliro atakwana.
Kuruvilla amafuna mapepala a munda wa mpunga.
Tapezamo nsalu ziwiri zoyera,
zidutswa za choko m'kachitini ka tiyi,
Baibulo lothothoka chikuto, lomangidwa ndi kamphira,
ndi kaundula wa sitandade 2,
wa chaka chija madzi anafika m'mawindo a tchalitchi.

Kuno ku Edathua mvula ikayamba mu Juni siidziwa kuleka.
Inu munkadzuka kukali mdima,
n'kugwada pamkeka moyang'ana kum'mawa,
kutchula maina athu asanu,
kenako maina makumi anayi ndi awiri a ana a eni ake.
Ine ndinkawerenga ndili m'bulangete, nsanje itandigwira pakhosi,
poti langa linkadutsa msanga ngati la wina aliyense.

Bwato munkapalasa nokha pamtsinje wa Pamba,
ambulera yakuda mutaipana ndi phewa,
makope ali m'pulasitiki pamiyendo.
Munkaima padooko lililonse.
Velayudhan, mwana wa wothyola kokonati, ankakhala kutsogolo n'kumakapa madzi.
Subaida ankalira bwato likapendama.
Simunawafunsepo kumene amapembedza,
funso lanu linali limodzi: wadya?
Mpunga wanu wamasana, wokulunga m'tsamba la nthochi,
unkagawika kanayi,
madzulo n'kutiuza kuti mwakhuta.
Bodza lokhalo ndi limene ndinakugwirani nalo.

Koma dzanja lanu linali lolemera, tisabise.
Tsiku ndinagula switi ndi ndalama ya chopereka
rula inathyokera m'chikhatho changa.
Usiku mukuyesa ndagona
munabwera ndi mafuta a kokonati, n'kundipaka chala ndi chala.
Pepani simunanene.
Nanenso maso sindinatsegule.

Abambo tinawaika Lachiwiri,
Lachinayi munali pabolodi.
Akuchigwirizano ananong'ona mpaka kumsika wa nsomba.
Inu munangoti, ana aja sanafedwe ayi.
Subaida wandiuza dzana kuti sabata imeneyo munkaphunzitsa kuchotsera,
ndipo choko chinkathyoka pafupipafupi.

Zaka zomalizazi mutu unayamba kutayikira.
Munandiiwala ine, munaiwala Kuruvilla,
munkafunsa kuti nyumba ino ndi ya yani.
Koma ikakwana naini koloko munkawongola msana pampando,
n'kuyamba kuitana maina, osaphonya ndi limodzi lomwe.
Ife, anthu a imvi, ana athu ali ku Dubai,
tinkayankha kuchokera kukhitchini:
Ndilipo, aphunzitsi.
Ndilipo.
Mukatha munkayimba vesi limodzi la salimo
n'kutiuza kuti titulutse masileti.

Pamaliro Velayudhan anavula nsapato pakhomo la tchalitchi,
nalowa kudzapempha ngodya imodzi ya bokosi.
Mapewa ake agwa, koma sanalole kusinthana ndi munthu
mpaka kumanda.

Tsopano kaundula ndi uyu pamiyendo panga, akununkha chinyontho.
Nambala 17, Thankachan,
uja anakokoloka pothamangira mbuzi ya amake.
Ena akanadula mzere wofiira.
Inu simunafufute.
Kuyambira Ogasiti mpaka kutseka sukulu
malo ake mwaikamo kamtanda kakang'ono ka pensulo, tsiku ndi tsiku,
ndipo m'mphepete mwalemba mawu atatu:
Ali kwa Mwini.

Ndayamba kuwerenga mokweza, dzina ndi dzina.
Kuruvilla wasiya kufunafuna mapepala ake,
akuyankha chapansipansi, nkhope ili kukhoma.
Pansi penipeni pali siginecha yanu,
zilembo zopendekera kumanja ngati mpunga wakucha.
Ndaliwerenganso limenelo.

Mvula yokha padenga.
Achule kumunda.
Patapita nthawi mchimwene wanga wati,
tseka windo, Annakutty, pepala likunyowa.