Dzina la pa Tiketi

Netiweki kuno ku Bangula imagwira kuseri kwa jinala ya thonje,
ndiye ndaima pamenepo, dzuwa likundikhoma paliwombo,
mayunitsi akutha ngati madzi m'ndowa yobowoka,
foni ikundiyimbira kanyimbo, akuti ndidikire kaye.

Achimwene a ku Joni adagula tiketiyi mu Disembala
kuti bambo akachotsedwe ng'ala m'maso.
Bambo adasoketsa thalauza kwa telala wa pamsika,
ankafunsa aliyense ngati m'ndege amalola mlamba wouma.
Febuluwale atalowa tidawaika m'manda,
madzi a Shire asanaphwere m'madimba.

Mtsikana wa pafoniyo ali ndi mawu ofatsa.
Pepani kwambiri, akutero, ndipo ndikumva kuti sakunama.
Ndikuti: ikanipo dzina la amayi,
nawonso maso awo ayamba kuchita nkhungu,
mpando ndi womwewo, ndalama ndi zomwezo.
Akuti chilembo chikalakwika amakonza,
koma munthu sasinthidwa.

Kwathu kuno njinga ya malemu yapita kwa mphwawo,
khasu watenga mlamu,
ngongole ya kugolosale yagwera ine popanda kulemba fomu.
Ngakhale dzina lenilenilo, Zuze Dinyero,
tidalipereka kwa khanda la mchemwali wanga.
Alipo Zuze Dinyero, ndikumuuza,
ali ndi mano awiri, angakwere?
Waseka pang'ono, kenako wadzigwira.

Akuti titha kuletsa ulendo.
Tibweretse kalata ya imfa yodinda ku boma,
adzadulapo chindapusa,
chotsalacho chidzabwerera ku khadi lomwe lidalipira
pakadutsa masabata angapo.
Bambo adafera pamphasa, usiku,
mboni zake ndi ife ndi udzudzu.
Kupita ku Nsanje n'kubwera, kawiri kapena katatu,
poti wodinda amakhala atangotulukapo,
ndawerengera pamchenga ndi kamtengo:
chotsala sichikwana mbuzi.

Foni yaduka yokha.

Lachinayi likubwerali ndilo tsiku lake.
Amayi achapa thalauza lija ngakhale silinavalidwepo,
alipinda, aliika pansi pa sutikesi,
sakufunsanso za tiketi.
Sindinawauze zimene Achimwene adanditsina khutu:
kuti munthu akachedwa ku Chileka
amamuyitana pa chimkuzamawu, kawiri, katatu,
anthu onse akumva,
asanatseke chitseko.

Ndikadakhala ndi ya minibasi ndikadakwera mtunda wa Thabwa
kukangokhala pabenchi, chikwama pamiyendo,
ndimve munthu wosawadziwa
akuyitana bambo anga ndi dzina lawo lonse,
mopupuluma, mokwiya pang'ono,
ngati angochedwa panjira.