Mlandu wa Phokoso

Kalatayo ndinaipeza pansi penipeni pa chikwama chake,
itanyowa ndi mvula ya ku Huddersfield,
itamatana ndi khoko la nthochi.
Mubwere Lachinayi, atero Mayi Ackroyd.
Mtima unangoti myuu.

Makalata ndimawadziwa ine.
Ya dokotala wa makutu, ya kukhonsolo,
ina yonena kuti malo alipo, koma kutali,
kusukulu ya ana onga iyeyo,
mabasi awiri, kunyamuka kusanache.
Ndinakana. Ndinati Lonjezo aphunzira pompano,
kuseri kwa golosale ya a Rafiq,
komwe amapita ana onse a mumsewu uno.

Lachinayi ndinachoka kuntchito osasintha yunifolomu,
m'manja mukununkhabe sopo wosambitsira okalamba,
ndikuloweza m'basi mawu omenyera nkhondo.

Anandikhazika pa kampando ka ana,
mawondo kugunda chibwano.
Pakhoma, zithunzi za manja:
dzanja loti madzi, loti pepani, loti tisewere.

Mwana wanu, akuti, ndi wolongolola.
Ndinati, tabwerezani.
Wolongolola.
Iye, Idris, ndi Maisie wa tsitsi lofiira uja.
Nthawi ya masamu, ndikangotembenukira ku bolodi,
zala zayamba kale pansi pa desiki.
Dzulo mzere wonse wakumbuyo unafa nazo nseko,
wosamva nkhaniyo ndinali ine ndekha.
Ndawapatsa chilango onse atatu:
pa buleki atsale, asongole mapensulo.

Mwana yemwe kutchalitchi amangomusisita mutu
dzina lake n'kufunsa ine,
yemwe chaka chatha ndinkamusuzumira pampanda
akutola timiyala yekhayekha,
lero ali ndi mlandu wa phokoso,
ndiponso ali ndi anzake olakwa nawo.

Ndinayesa kukwinya nkhope ngati kholo.
Nkhope inakana.

Sikuti zonse zayera.
Womasulira amabwera masiku atatu okha,
enawo mwana amachita kutola mawu pamilomo ya anthu,
ndipo mafomu a chaka chamawa
akundidikira pamwamba pa firiji.

Koma pobwerera, pasiteji,
basi ya Idris ikunyamuka,
manja awiri anavina kuseri kwa galasi lachinyontho.
Wanga anayankha, liwiro loti sindinagwirepo kanthu,
ine amene ndinamuphunzitsa dzanja loyamba.
Ndinamukodola paphewa: akuti chiyani?

Anandiyang'ana, kukamwa kuli mwee,
manja onse awiri
n'kuwabisa m'matumba a jekete.